Mkamwini ndi Kanyumba ka Kuseri

Chokani pawindopo nonse awiri. Tadala, ndakuona, usatseke pakamwa ndi dzanja, kusekako kukutulukira m'mphuno. Nawe Yamikani, ika pansi foniyo. Ukangowajambula bambo ako ali m'chijekete chawo ndi ketulo m'manja, ine ndi iwe tidana lero lomwe. Bwerani kuno pafupi ndi hita, koma mbali ya kumawondo mundisiyire.

Sabata yonse ino mwakhala mukundifunsa kuti, "Agogo, mukupitadi?" Chikwama changa mukuchiona, chaima pakhomo la chipinda chomangamanga, ndipo amayi anu akungodikira mawu anga kuti asinthe tsiku la ndege. Ndinabwera kuti ndikhale nanu mpaka kadzuwa kanu ka kuno ku Bradford kabwerere, koma ndinanena ndekha kuti ndinyamuka mwezi uno. Ndipo ndikapita musadzinamize, mafupa awa sadzakweranso ndege kachiwiri. Yankho ndikupatsani lero. Koma muyambe mwamva za chimbudzi cha bambo anga, chifukwa chimbudzi chimenecho ndi chikwama icho ndi nkhani imodzi. Ndiyankhula Chichewa, amene watayika akweze dzanja.

Iwe Tadala, tsiku lina unabwera kuchokera kusukulu ndi funso lako lija, loti kodi Azungu asanatiphunzitse ifeyo tinkasamba. Ndinangoti kukamwa yasa, sindinakuyankhe. Lero ndikuyankha. Tinkasamba, mwana iwe, ndipo tinkasamba kukuposa iwe amene umalowa m'bafa n'kutuluka madzi asanakudziwe, kenako n'kudzipopera zonunkhira ngati ukupha udzudzu.

Kwathu kumapiri a ku Dedza mtsikana ankadzuka ndi tsache m'manja. Pabwalo pankayenera kuwala dzuwa lisanatuluke, moti nkhuku ikadutsa mapazi ake ankaoneka. Pansi m'nyumba tinkazira ndi dothi lakuda la kudambo, n'kusalaza ndi kamwala mpaka pansi pochita kuterera. Miphika tinkakwecha ndi mchenga, m'manja tinkasamba ndi phulusa, mano tinkatsuka ndi kamtengo kotafuna kunsonga. Zovala, zochepa zomwezo, amayi ankachapira masamba a papaya sopo akasowa, ndipo ankasowa kawirikawiri poti sitolo ya Mmwenye inali ulendo wa tsiku. Kumtsinje kunali dooko la amayi ndi dooko la abambo. Mwamuna akamayandikira dooko la amayi ankaima patali n'kufuula, "Odi kumadziko!" Akamva kuti, "Dikirani!" ankadikira, ngakhale atasenza mtolo wa nsungwi. Padooko pathu panali mwala wina wokhakhala wokhulira zidendene, ndipo mtsikana wa zidendene zong'aluka ankaimbidwa nyimbo. Tikavuuka tinkadzola mafuta a nsatsi. Munthu wotuwa ankafunsidwa ngati kwawo kuli maliro.

Nanga podzithandiza? Usakwinye nkhope, Yamikani, nkhani yonse yagona pamenepo. Tinkapita kuthengo. Abambo anali ndi mbali yawo, kutsidya kwa khwawa, amayi mbali yawo, kuseri kwa kaphiri. Wamkulu ankatenga kakhasu ngati akukakumba mankhwala, ndipo ukakumana naye sunkamufunsa kumene akupita. Njira ziwirizo sizinkakumana.

Musaganize kuti ndikuti zonse zinali bwino. Mvula ikagwa, zakuthengo zinkatsikira kumtsinje komwe tinkatunga, ndipo dzinja lililonse ana ankatsegula m'mimba. Mlongo wanga wamng'ono, amene anapondana nane, anapita choncho, akungoyamba kumene kuyenda. Mpaka lero ndikaona mwana akuyenda dededede mtima umandipweteka. Ndiye chimbudzi ine sindichinyoza, chimbudzi n'chabwino. Cholakwika chinali choti amene anabwera nacho anayeza kuya kwa dzenje, anayeza kutalika kwa khoma, koma sanafunse kuti m'menemo muzilowa ndani ndi ndani. Paja safunsa anadya phula. Kungoti ulendo umenewo phulalo anatidyetsa ife.

Lamulo linabwera ndi kapitawo wa zaukhondo, munthu wakuda ngati ife, wa kabudula wa khaki ndi njinga ya belu. Dzina lake lenileni ndinaiwala, ife ana tinkangomutcha Kanunkhize. Anati boma lalamula kuti khomo lililonse likhale ndi thandala loyanikapo mbale, dzenje la zinyalala ndi chimbudzi chimodzi. Thandala ndi dzenje sizinavute. Chimbudzinso bambo anga anakumba, ndipo anali munthu wa luso: khoma lophoma bwino, denga la udzu wosankha, chivindikiro chosema ndi chogwirira chake. Anthu ankabwera kudzaonera.

Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene analowamo.

Mumvetse bwino apa. Bambo anga anali mkamwini. Kwathu mwamuna akakwatira ankasamukira kumudzi kwa mkazi, ndiye pakhomo pathu pankakhalanso agogo anga, a Nankhoma, amayi awo a amayi anga. Kwa bambo amenewo anali apongozi. Mkamwini ndi apongozi ake sankadyera pamodzi, sankakhala pamphasa imodzi, sankayang'anana m'maso. Ndinkawaona bambo akakumana ndi agogo panjira: ankapatukira mu udzu, n'kunjuta, nkhope atalozetsa kumbali, n'kumaomba m'manja. Agogo nawonso ankapatukira mbali inayo. Moni ankapatsana choncho, njira ili pakati yopanda munthu. Sikunali kudana ayi. Agogo ankawakonda bambo anga kuposa ana awo ena obereka okha. Kunali kupatsana ulemu, kuti aliyense asaone mnzake ali wochepa.

Tsono anthu oti njira yokha akusiyirana, muwauze kuti azivula pamalo amodzi? Wina azituluka akukonza nsalu, wina ataima panja kudikira? Bambo sakanalowa poti agogo angalowemo. Agogo sakanalowa poti anakumba ndi mkamwini ndipo angalowemo. Amayi anaona kuti akalowa iwo ndiye kuti asankha mbali. Choncho m'chimbudzi muja amayi anayamba kusungiramo maungu, poti munali mozizira bwino, ndipo nkhuku yathu ina inaikiramo mazira.

Kanunkhize sanali wopusa. Akafika pakhomo sankathamangira kuchimbudzi, ankayang'ana njira yopita kumeneko. Njira yoyendamo anthu simera udzu. Ya kwathu inali itamera chisoso mpaka m'mawondo.

"Mayi," anatero kwa amayi anga, "kodi pakhomo pano mumauluka?"

 Iye anati adzabweranso, ndipo adzabwera ndi Mzungu wa ku boma.

Kuyambira tsiku limenelo ife ana a m'mudzi monse tinapatsidwa ntchito yatsopano. M'mawa uliwonse tisanapite kumadzi tinkathamanga kuchoka pakhonde kukafika kuchimbudzi, kubwerera, kupitanso, kupondaponda mpaka njira inachita kuwala. Tikamaliza kwathu tinkapita kukapondera azakhali. Sindinasekepo m'moyo mwanga ngati m'masiku amenewo. Tinkayesa masewera, osadziwa kuti akuluakulu mitima ili m'mwamba.

Tsiku lija linafika. Maungu tinatulutsa, nkhuku tinaithamangitsa. Amayi anasesa bwalo kawiri, anazira khonde, tonse tinadzola mafuta. Mzungu anatsika pagalimoto kumsewu n'kubwera wapansi, wofiira ndi dzuwa, thukuta lili kamukamu. Polowa pabwalo la amayi anga, bwalo loti ukanagwetsapo mbatata n'kuitola kudya, anatulutsa kansalu m'thumba n'kutseka mphuno. Amayi anachiona chimenecho. Anakalamba, anaiwala mayina a adzukulu, koma kansalu kaja sanakaiwale.

Njira Mzunguyo anaiona, anagwedeza mutu kuvomera. Koma Kanunkhize analowa m'kati, anavundukula chivindikiro, anaweramira padzenje n'kukoka mpweya. Anatuluka akupukusa mutu.

"Mulibe ntchentche ngakhale imodzi," anatero. "Mukununkhira maungu. Bambo, chimbudzi ichi n'chodikira Khirisimasi?"

Bambo anavula chipewa. "Bwana, munati tikumbe. Ndakumba."

"Nanga osalowamo bwanji?"

 Bambo akanayankha bwanji, apongozi awo ali pakhonde pomwepo akumva? Kanunkhize anayang'ana bambo, anayang'ana agogo, ndipo ndikukhulupirira kuti anadziwa, poti nayenso anali ndi apongozi kwawo. Zimene anamuuza Mzungu m'Chingerezi sindikuzidziwa. Chimene ndikudziwa n'choti bambo anga analangidwa chifukwa cha chimbudzi choyera kwambiri. Anawatumiza kukalambula msewu wa boma nthawi yopalira, ndipo chaka chimenecho munda wathu unadyedwa ndi udzu.

Atabwerako sanadandaule kwa munthu. M'mawa mwake anatenga khasu n'kupita kuseri kwa nkhokwe, kutali, kumalire ndi munda. Anakumba dzenje lachiwiri. Khomo lake analilozetsa kuthengo, n'kulambula kanjira kakekake kozungulira, koti munthu wokhala pakhonde sangaone amene akupita. Chabwino chija, cha chivindikiro chosema, chapafupi, anasiyira agogo ndi amayi ndi ife. Iwo anatenga chakutali, chokumana ndi mame ndi njoka.

Agogo sanawathokoze pamaso, nkhani yotere sithokozedwa pamaso. Patapita masiku, njira zonse ziwiri zitayera zokha popanda mwana wopondera, agogo anagwira tambala wawo, anamupha, anaphika okha. Anandiitana n'kundisenzetsa mbale, nthutumba ili pamwamba.

"Pita nayo kwa bambo ako," anatero. "Ukagwade. Ukawauze kuti agogo akuti njira aiona."

Ndinakanena momwemo. Bambo anayang'ana mbale ija nthawi yaitali, kenako anaomba m'manja kulozetsa kunyumba ya agogo, ngakhale agogowo sankaoneka.

Yamikani, wayamba kuyang'ana kuwindo. Bambo ako sathawa, paipi imene yauma ndi chisanu panjapo sinawalole. Khala pansi.

Azungu ndinadzawaonera pafupi nditakula. Nditangokwatiwa ndi malemu agogo anu aamuna tinapita ku Zomba, iwo kukagwira ntchito ya ukalipentala, ine kukalera mwana wa Mzungu wina wa m'boma. Kumeneko ndiye ndinadabwa. Munthu kudzaza madzi m'bafa, kukhalamo, litsiro lake n'kumayandama m'khosi mwake, n'kutuluka osadzitsukuluza, ati wasamba! Galu kunyambita mbale ya bwana, mbaleyo n'kubwerera pathebulo, koma ine kapu yanga inali yachitini, yopachika pamsomali panja, kuopa kuti ndingawapatsire matenda. Ine wosamba m'mawa ndi madzulo! Ndipo zimbudzi za m'nyumba zina zinali za ndowa, zoti anthu athu ankabwera kudzasenza kukataya. Ukhondo wa bwana unkayenda pamutu pa munthu wina.

Komabe zabwino ndinatolako, sindine wokana chilichonse. Dona, mkazi wa bwana uja, anandiphunzitsa kuwiritsa madzi a mwana ndi kusamba m'manja ndi sopo ndisanamugwire. Ana anga onse ndinawalera choncho, ndipo palibe amene anapita ndi m'mimba ngati mlongo wanga. Amayi anu aja ali ndi moyo, mpaka kukhala nesi wosamalira Azungu okalamba, chifukwa cha ketulo ya dona ameneyo. Chanzeru ndinanyamula, chachipongwe ndinachisiya pamsomali pomwepo.

Tsono tibwere kuno. Walira mvula walira matope: ndinalira kuona adzukulu, ndinapeza masitepe. Tsiku limene ndinafika amayi anu anandionetsa nyumba, nyumba zanu zogundanagundana izi zoti woyandikana naye akayetsemula iwe umati pepani. Tinakwera m'mwamba, anatsegula chitseko. "Amayi, bafa ndi toileti ndi muno." Ndinayang'ana. Chimbudzi apa, bafa apa, miswachi ya banja lonse ili ndandanda pambali pa chimbudzi, thaulo la bambo anu lili lende pachitseko. Ndinafunsa kuti, "China chili kuti?" Amayi anu anaseka. "N'chomwechi, amayi. Kuno nyumba n'zodula."

Ndipo khoma la chimbudzicho ndi lomwenso la kachipinda kamene bambo anu amagwiriramo ntchito pakompyuta tsiku lonse. Khoma lake lopyapyala, madzi ake ukagujumula amalira ngati mathithi. Mkamwini ali apo, ine apongozi ndili apa, pakati pathu kabolodi.

Bambo anu ndi mwana wa m'tauni, wobadwira ku Chilomoni, za chikamwini anangozimva pawailesi. Tsiku loyamba anandipatsa moni ataimirira, dzanja lina lili m'thumba, n'kundikumbatira pabwalo la ndege anthu akuona. Ndinauma thupi lonse. Mumtima ndinati uyu ndi munthu wabwino, koma sadziwa kanthu. Nanga ndikanamuuza bwanji? Nkhani ya kuchimbudzi, kuuza mkamwini?

Ndiye ndinakonza zanga mwakachetechete. M'mawa ndinkadikira kuti akuperekeze kusukulu iwe Yamikani, ine n'kuthamanga kusamba ndi zonse. Masana zikandivuta ndinkavala jekete n'kukwera basi kupita kumsika wa m'tauni, kumene kuli zimbudzi za aliyense. Inu munkati agogo amakonda kuyendayenda, amayi anu ankanyadira kuti ndazolowera msanga. Dalaivala wina mpaka anandidziwa, ndikamakwera ankati, "Morning, love." Mwana woti ndingamubereke kunditcha love! Ndinkangomuyankha kuti zikomo.

Kenako kuzizira kunakula, misewu inayamba kuterera, mawondo anakana. Ndinaganiza kuti chosalowa sichituluka. Ndinasiya tiyi wa masana. Ndinasiya madzi. Iwe Tadala unkandibweretsera kapu, ine n'kumathirira kaduwa kako ka pawindo ukatembenuka. N'chifukwa chake kanafa, kanamwa tiyi wambiri, usamunamizire mlongo wako.

Zotsatira zake munaziona nokha. Thupi linatentha, msana unawawa, mutu unasokonekera. Akuti iwe Tadala ndinkakutcha dzina la mkulu wanga amene anamwalira kalekale, ndipo ndinkafuna kutuluka panja kukatunga madzi kudooko. Ndinakuopsani, ndikudziwa, ndipo zinandimvetsa chisoni kumva kuti Yamikani analira kusukulu. Kuchipatala dokotala, kamtsikana ka Chimwenye kaulemu bwino, anati m'thupi mwanga mwauma ndipo matenda alowa m'njira ya mkodzo. Anafunsa kuti bwanji sindimwa madzi. Ndinati kulibe ludzu kuno. Iye anavomera, koma amayi anu sanavomere. Dokotala atatuluka anakoka katani n'kukhala pabedi.

"Amayi, ine ndine nesi, komanso ndine mwana wanu. Mundiuze zoona."

Ndinamuuza.

Anagwira kumutu. "Amayi, zoona? Mufere toileti? Kuno ndi ku UK, zinthu zimenezo zinatha kalekale! Bambo a Tadala alibe nazo ntchito n'komwe."

"Iwo alibe nazo ntchito," ndinatero, "ine ndili nazo. Zinatha kwa iwe. Ine ndakalamba nazo, ndipo sindingazivule ngati juzi chifukwa ndakwera ndege."

"Ndiye titani? Tigule nyumba ina?"

"Usagule kanthu. Undisinthire tsiku, ndizipita kwathu. Mlendo ndi mame."

Analira, nanenso ndinalira, koma mawu sindinabweze. Ndipo musayembekeze kuti ndinena kuti ndinalakwa. Kusiya madzi kunali kupusa, zimenezo ndavomera pamaso pa dokotala. Koma manyazi amene ndinali nawo si matenda oti andichize. Ndi ulemu womwe uja unawapatutsira bambo anga mu udzu. Munthu amene sachita manyazi ndi chilichonse, ngakhale asambe ndi sopo wa mtundu wanji, kwa ine sanayere.

Nditatuluka m'chipatala ndinamanga chikwama. Amayi anu anandilonjeza kuti sauza munthu, koma ndani sadziwa kuti mkazi ndi mwamuna wake amagona pilo mmodzi? Loweruka lotsatira ndinamva kugogoda kuseri. Ndinasuzumira: bambo anu ndi mnzawo wa ku Zambia uja, wokonza mapaipi, akutulutsa njinga zanu ndi makatoni m'kanyumba kanjerwa kali kumapeto kwa bwalo. Ndinkayesa ndi kosungiramo katundu basi.

Anandimasulira ndi Mayi Jini a khomo loyandikana nafe, nkhalamba inzanga ija timapatsana moni pampanda. Chingerezi changa cha ku Zomba ndi chawo cha kuno zimakumana pakati, zotsalazo timamalizira ndi manja. Analoza kanyumbako n'kunena kuti ali mwana, m'nyumba zonse za mumsewu uno chimbudzi chinali chimenecho, panja, ndipo m'misewu ina mabanja angapo ankagawana chimodzi. Anati kusamba kunali kamodzi pasabata, m'bafa lachitini pafupi ndi moto, madzi omwewo: bambo ayambe, amayi, ana motsatana, wamng'ono kumalizira m'madzi oti sungaone pansi. Ndinawafunsa kuti zinali zaka ziti, ndipo zinali zaka zomwe zija Mzungu ankatseka mphuno pabwalo la amayi anga. Ndinaseka mpaka kugwira mpanda, iwonso anaseka osadziwa chimene ndikuseka. Sindinawaseke iwo ayi, anali ana a anthu osauka ngati ife. Ndinangolakalaka amayi anga akanakhalapo kuti amve.

Tsono nditadziwa kuti kanyumbako n'chimbudzi, ndinati ohoo, akukonzera ine. Ndinaona kuti ayesetsa, ndipo n'zoona ayesetsa. Koma ndikuuzeni chilungamo, ana inu, mumtima munandilasa kanthu. Ndinayang'ana masitepe oterera a kukhitchini, ndinayang'ana mawondo angawa, mphepo ya kuno yolowa mpaka m'mafupa. Ndinati nkhalamba yovuta aipezera malo ake, panja. Sindinakwiye, mwini nyumba ndi mwini nyumba. Ndinangoti chikwama chikhale chomanga.

Anagogoda Loweruka limenelo ndi linzake. Anaika chitseko chatsopano, getsi, mpando watsopano. Ine ndinkangodikira kuti amayi anu abwere kudzandiuza kuti, "Amayi, kwanu ndi uko." Sanabwere. M'malo mwake, mkati mwa sabata ino, ndinalowa m'bafa la m'mwamba n'kuona kuti pachitseko palibe thaulo lalikulu lija. Mswachi wabuluu palibe. Lumo lometera ndevu palibe. Ndipo kuseri kwa khoma kuli zii, kompyuta yasamukira pathebulo la kukhitchini. Ndinafunsa amayi anu kuti kodi bambo a Tadala ali paulendo?

"Ayi, alipo. Akumasambira ku jimu m'mawa akamuperekeza Yamikani."

"Chifukwa?"

"Anati ndisakuuzeni, amayi. Musandifunse."

Sindinamvetsebe bwinobwino, mutu wa nkhalamba umachedwa. Ndamvetsa lero m'mawa. Ndinadzuka inu mukadali m'tulo, ndinatsegula katani, ndinapeza kunja kwayera mbuu, sinowo wagwa. Madenga oyera, mpanda woyera, bwalo la Mayi Jini loyera lopanda ndi phazi la mphaka lomwe. Koma pabwalo lathu panali njira. Kuchokera pakhomo la kukhitchini kukafika pakanyumba kaja, mapazi aakulu a jombo, opita ndi obwerera, a munthu mmodzi.

Ndinakhala pabedi. Ndinawaona bambo anga ndi khasu paphewa akuzungulira kuseri kwa nkhokwe. Ndalira m'mawa uno, ana inu, sindikubisirani, ndipo sikunali kulira kwa chisoni.

Amene anamuuza mwana wa ku Chilomoni kuti wotuluka panja amakhala mkamwini, osati apongozi, sindikumudziwa. Kaya anaimbira foni amalume ake, kaya unangomuuza mtima wake. Nyumba ndi yake, amalipira yekha, akanatha kunena kuti mayi ameneyu azolowere kapena azipita. Munthu wa madigiri ake, woti kuntchito amamuimirira. Lero paipi yauma ndi chisanu, ndiye uyo ali panjapo ndi ketulo ya madzi otentha, akunjenjemera, kuti ine ndikwere masitepe anga mosayang'ana kumbuyo. Ndiye inu mwaima pawindo mukumuseka, wina mpaka kufuna kumujambula kuti anzake akaonere. Mukadzakula mudzakumana ndi anthu ambiri onunkhira bwino. Oyera ngati bambo anuwo mudzawawerenga ndi zala.

Tsono yankho lanu ndi ili. Tadala, kakoke chikwamacho ulowetse kuchipinda. Zitenje ubwezere m'kabati, nsapato pansi pa bedi, ndipo amayi ako akabwera kuntchito uwauze kuti tsiku la ndege alisiye mmene linalili. Iii, pang'onopang'ono, mundithyola! Ndisiyeni khosi, ndikadali wodwala ine. Ukamaliza upite kwa Apakisitani apangodya paja ukagule nkhuku, yolimba ija, osati zofewa zanu zosungunuka mumphika. Uwauze akuikiremo nthutumba. Ndiphika ndekha.

Iwe Yamikani, ntchito yako ndi iyi. Ine sindingakayankhule nawo, nkhani yotere sithokozedwa pamaso. Nkhuku ikapsa udzatenga mbale, udzagwada, inde kugwada, mawondo ako ndi atsopano. Udzanena kuti, "Agogo akuti njira aiona." M'Chichewa, osati m'Chingerezi chako. Tayesa. Ayi, osati "anjira." Njira aiona. Bwerezanso. Eya, choncho. Akakufunsa kuti zikutanthauza chiyani, udzawafotokozere zonse zimene wamva lero, za maungu zomwe.

Imvani, chitseko cha kukhitchini chalira, alowa. Pukutani m'maso, ndipo wina asaseke. Tadala, usanapite kuchikwamako, ketulo ija ikabwerera pamalo pake unditeleke tiyi. Undithirire m'kapu yaikulu ija, udzaze.